Paki Imene Mukuiona pa Pulaniyo Ndi ya Ndani? Njira Yofufuzira Musanagule Nyumba

Makampani omanga nyumba amadziwa kuti udzu wobiriwira umakoka ogula. N'chifukwa chake pa pulani ya malo atsopano sipalephera kukhala kachigawo kopakidwa utoto wobiriwira, kokhala ndi timitengo tojambula ndiponso ana akusewera pa katungwe. Wogulitsa amaloza pamenepo n'kunena kuti nyumba yoyang'anizana ndi pakiyo ndi yokwererako mtengo, ndipo anthu amalipiradi. Koma utotowo sunena mwini malowo. Sunena amene azidzatchetcha udzuwo, amene adzaloledwe kulowamo, kapena ngati pamalopo sipadzamangidwa nyumba zina mawa. Zimenezi zimalembedwa kwina, m'zikalata zimene wogulitsa sathamangira kukuonetsani. Malamulo omukakamiza kuti akuuzeni amasiyana dera ndi dera, kwina ndi olimba, kwina ngofowoka kwambiri. Choncho ntchito yofufuza imagwera inuyo, ndipo iyenera kutha musanapereke dipoziti.

1. Yambani mwadziwa mitundu ya malo amene onse amatchedwa paki

Mukapanda kusiyanitsa mitunduyi, wogulitsa angakuyankheni zoona zokhazokha koma inu n'kumva zina.

Pali paki ya boma yeniyeni. Kampani imapereka malowo kwa khonsolo, khonsolo imawalandira, ndipo kuyambira pamenepo imawasamalira ndi ndalama za misonkho. Aliyense angalowemo, kaya amakhala pafupi kapena wachokera kutali.

Pali paki ya eni nyumba. Malowo amalembedwa m'dzina la bungwe la anthu onse amene agula nyumba pamenepo, ndipo iwowo ndi amene amasonkha ndalama zosamalirira. Ali ndi ufulu woika mpanda ndi geti. Chitsanzo chodziwika ndi Gramercy Park ku New York, paki yokongola yokhala ndi mpanda wachitsulo imene makiyi ake amakhala ndi anthu a m'nyumba zozungulira basi. Odutsa amangosuzumira.

Pali malo amene kampani yomanga sinapereke kwa wina aliyense. Imawasunga yokha kapena kuwagulitsa kwa kampani ina yosamalira malo, ndipo eni nyumba amalipira chaka ndi chaka pamalo amene si awo. Mtundu uwu ndi umene umabweretsa madandaulo ambiri.

Ndiye pali wachinayi, wosokoneza kuposa onse: malo a mwini wake amene lamulo limawakakamiza kukhala otsegukira anthu onse. Mzinda wa New York unayamba zimenezi mu 1961, polola makampani kumanga nyumba zazikulu kuposa muyeso ngati asiya bwalo loti anthu azipumulirapo. Zuccotti Park, kumene anthu ochita zionetsero anamanga misasa mu 2011, ndi malo otere. Ku London kulinso mabwalo ambiri a mtundu umenewu, monga Granary Square ku King's Cross. Mukayendamo mungaganize kuti ndi a boma, koma malamulo a mmene muyenera kukhalira amaikidwa ndi mwini wake, ndipo alonda ake ndi amene amawatsatira.

2. Pezani lamulo la dera limene mukugulalo

Pitani ku ofesi ya mapulani ya khonsolo, kapena tsegulani tsamba lawo la pa intaneti, mukafunse mafunso awiri osiyana. Loyamba: kampani ikamagawa malo kuti imange nyumba, imakakamizidwa kusiya malo ochuluka bwanji a paki? Lachiwiri: ndi zinthu ziti zimene wogulitsa ayenera kuuza wogula molemba asanasainirane? Mafunsowa nthawi zambiri amayankhidwa ndi malamulo awiri osiyana, mwinanso ndi maofesi awiri osiyana.

Pa funso loyamba, miyeso ilipo yosiyanasiyana. Ku Ontario, m'dziko la Canada, lamulo la Planning Act limalola khonsolo kutenga 5 peresenti ya malo omangapo nyumba zokhalamo kuti ikhale paki, ndiponso 2 peresenti ya malo amalonda ndi mafakitale. Ku Western Australia muyeso wodziwika ndi 10 peresenti. Ku California, Quimby Act imawerengera potengera anthu: maekala 3 pa anthu 1,000 alionse, ndipo angafike maekala 5 ngati deralo lili kale ndi mapaki ochuluka chotero. Ku England, zimene kampani yalonjeza khonsolo zimalembedwa mu mgwirizano wa pansi pa gawo 106 la Town and Country Planning Act ya 1990.

Apa pali msampha umene anthu ambiri sauona. Pafupifupi malamulo onsewa amalola kampani kupereka ndalama m'malo mwa malo. Ndiye kuti wogulitsa akanena kuti "tinakwaniritsa zonse zimene khonsolo imafuna pa nkhani ya paki," angakhale akunena zoona, chonsecho palibe ngakhale kachidutswa ka malo a boma pafupi ndi nyumba yanu. Ndalamazo zinapita ku khonsolo ndipo mwina zikakonzera paki ya kutsidya lina la dera. Ku California komweko, malo ogawidwa mapuloti 50 kapena ocheperapo nthawi zambiri amangolipira ndalama. Lamulo lomwelo limalolanso kuti kampani ichotseredwe zina mwa zimene imayenera kupereka ngati yamanga malo osewerera a eni nyumba okhaokha. Mwa njira imeneyi paki ya mseri, kutanthauza yosakhala ya boma, imalowa m'malo mwa paki ya boma, ndipo ndalama zoisamalira zimachoka m'thumba la ogula.

Pa funso lachiwiri, onani ngati dera lanu lili ndi chikalata chimene muyenera kupatsidwa musanasaine. Ku Florida, wogula nyumba m'dera lokhala ndi bungwe la eni nyumba ayenera kupatsidwa chikalata chachidule chofotokoza kuti akhala membala mokakamizidwa ndiponso kuti azilipira ndalama. Akapanda kupatsidwa asanasaine, ali ndi masiku 3 kuchokera pamene wachilandira oti athetse mgwirizano, bola ngati kugula sikunamalizidwe. Ku California, kampani yogulitsa mapuloti 5 kapena kuposerapo imayenera kupereka lipoti lochokera ku Department of Real Estate, ofesi ya boma yoona za malonda a malo ndi nyumba, lofotokoza malo amene eni nyumba onse amagwiritsa ntchito pamodzi ndi ndalama zake. Ngati kwanu kuli chikalata chonga chimenechi, chiitanitseni potchula dzina lake. Ngati kulibe, masitepe otsatirawa ndiye chitetezo chanu chokha.

3. Tengani pulani yovomerezedwa, osati ya wogulitsa

Mapulani amakhala awiri. Ina ndi yokongola ija ya mu kabuku kotsatsira malonda. Itembenuzeni kapena yang'anani m'munsi mwenimweni: mupeza timawu ting'onoting'ono tonena kuti chithunzichi n'chongoyerekezera ndipo kampani ingasinthe nthawi iliyonse. Inayo ndi imene khonsolo inadinda, ya mizere yakuda, manambala a mapuloti ndi miyeso ya wopima malo. Yachiwiriyi ndiyo ili ndi mphamvu. Kawirikawiri aliyense amaloledwa kuiona, ndipo mungapemphe kope.

Ikani mapulani awiriwa pathebulo limodzi. Pezani chigawo chobiriwira chija pa pulani yovomerezedwa n'kulemba nambala kapena chilembo chimene chapatsidwa. Kenako werengani mawu olembedwa m'mbali mwa pulaniyo, chifukwa m'menemo ndi mmene amanenera kuti chigawo chakutichakuti chikuperekedwa kwa khonsolo, kapena chikhala cha bungwe la eni nyumba, kapena chasungidwa ndi mwini malo. Mawu onga akuti "malo osungidwa" kapena "gawo lamtsogolo" akuchenjezeni. Akutanthauza kuti udzu umene mukuuona lero ukungodikira makina okumba.

Yerekezeraninso kukula kwake. Si zachilendo kupeza kuti paki ya mu kabuku ndi yaikulu kuposa ya pa pulani yodindidwa, chifukwa wojambula anaphatikizamo malo a m'mbali mwa msewu ndi puloti ya eni ake ena yoyandikana nayo.

Funsaninso ngati kampani yapempha kusintha pulaniyo chiivomerezereni. Zosintha zoterezi zimasungidwa m'faelo yomweyo, ndipo paki ndiyo imayamba kuchepetsedwa kampani ikafuna kuwonjezera mapuloti.

4. Fufuzani mwini wake ku kaundula wa malo

Nambala imene munalemba ija pitani nayo ku ofesi ya kaundula wa malo. Mukufuna kudziwa zinthu zitatu: dzina limene lili pa chikalata cha umwini, ngati malowo ali chikole cha ngongole ya kubanki, ndiponso ngati pali choletsa chilichonse cholembedwa pa chikalatacho.

Pamene nyumba zikumangidwa, si zodabwitsa kupeza kuti malowo akadali m'dzina la kampani. Nkhani yagona pa zimene zidzachitike pambuyo pake. Kulonjeza kupereka malo kwa khonsolo ndi kwina, khonsolo kuwalandira ndi kwinanso. Khonsolo ikhoza kukana ngati malowo sanakonzedwe pa muyeso wake, kapena ngati kampani sinapereke ndalama zothandizira kuwasamalira m'zaka zoyambirira. Ndipo makhonsolo ambiri safuna n'komwe kusenza katundu watsopano wotchetcha ndi kukonza. Ku Britain vutoli lakula kwambiri moti bungwe loona za mpikisano pa malonda, Competition and Markets Authority, linapeza mu lipoti lake la mu 2024 kuti 80 peresenti ya nyumba zatsopano zimene makampani akuluakulu 11 anagulitsa mu 2021 mpaka 2022 zinali ndi ndalama zolipira kwa osamalira malo a mseri. Anthu amenewa amalipira msonkho wa khonsolo wonse ngati wina aliyense, kenako n'kulipiranso za udzu, misewu ndi ngalande za pakhomo pawo.

Choncho musakhutire ndi mawu akuti "idzaperekedwa kwa khonsolo." Funsani kukhonsoloko ngati pali mgwirizano wosainidwa, ngati pali tsiku kapena chiwerengero cha nyumba chimene chikakwana pakiyo iyenera kukhala itatha, ndiponso ngati kampani inaika ndalama ya chikole yoti igwire ntchito ikalephera kumaliza. Paki imakonda kuikidwa m'gawo lomaliza la ntchito. Kampani ikagwa nyumba zitagulitsidwa kale, chotsala ndi thengo ndi milu ya dothi.

Choletsa cholembedwa pa chikalata cha umwini n'chofunika kwambiri ngati pakiyo ikhala ya mseri. Chiyenera kunena momveka kuti malowo ndi opumulirapo ndipo sangamangidwe, chiyenera kutchula amene ali ndi mphamvu yokasuma chikaphwanyidwa, ndipo muone ngati chili ndi zaka zothera. Anthu ambiri ku America anagula nyumba zodula zoyang'anizana ndi mabwalo a gofu, poganiza kuti malo obiriwirawo ndi amuyaya. Mabwalo ena atasiya kupindulitsa, eni ake anawagulitsa kwa omanga nyumba, ndipo milandu imene inatsatirapo inkadalira kwambiri zimene zinalembedwa kapena kusalembedwa m'zikalata.

5. Werengerani ndalama

Ngati pakiyo si ya khonsolo, pemphani bajeti ya chaka ya bungwe kapena kampani yosamalira malo, ndiponso chikalata chokhazikitsa malamulo ake. Ndalama ya chaka choyamba isakunyengeni. Imakhala yotsika chifukwa zonse n'zatsopano ndipo kampani yomanga ikuthandizirabe kuti nyumba zigulike. Chofunika ndi kudziwa mmene imakwerera: kodi pali malire, kapena osamalira malo amangoika mmene afunira? Kodi pali thumba losungira ndalama zokonzera zinthu zikuluzikulu? Zida za pabwalo la ana zimatha, mitengo ikuluikulu imafuna kudulidwa, ndipo inshuwalansi ya ngozi zochitikira pamalopo imalipiridwa ndi mwini malo.

Kenako funsani za ulamuliro. M'zaka zoyamba kampani yomanga ndi imene imayendetsa bungwe la eni nyumba. Ku Florida lamulo limati eni nyumba ayambe kusankha ambiri mwa atsogoleri a bungwelo pakatha miyezi 3 kuchokera pamene 90 peresenti ya mapuloti agulitsidwa. Kwina kulibe muyeso wotere, ndipo zimatengera zimene kampani inadzilembera yokha. Funso limene ine ndimaliona kuti limaulula zambiri ndi ili: eni nyumba akapanda kukhutira ndi osamalira malo, angawachotse n'kuika ena? Yankho likakhala lozungulirazungulira, tengani kuti sangathe.

Onaninso chimene chimachitika munthu akalephera kulipira. M'madera ambiri ngongoleyo imamatidwa pa nyumba yeniyeniyo, ndipo ingakulepheretseni kuigulitsa.

Musaganizenso kuti paki ya boma ndi yaulere nthawi zonse. Ku California, lamulo la Mello-Roos la 1982 limalola kuti eni nyumba a m'dera latsopano azilipira msonkho wapadera kwa zaka zambiri pobweza ndalama zomangira mapaki, masukulu ndi misewu. Pakiyo ndi ya anthu onse, koma olipira ndi a m'deralo. Wogulitsa amayenera kupereka chidziwitso cha msonkhowo, ndipo ndi pepala loyenera kuliwerenga modekha.

6. Dziwani amene adzaloledwe kulowamo

Izi zimakhudza moyo wanu wa tsiku ndi tsiku mbali zonse ziwiri. Amene akufuna bata angadabwe kupeza kuti paki ya pakhomo pake ndi ya anthu onse, ndipo Loweruka lililonse pamadzaza magalimoto. Amene akufuna kuti ana ake azisewera ndi anzawo a m'madera oyandikana angapeze kuti mlendo aliyense amafunika chiphaso.

Choipitsitsa ndi kusakaniza kuwiriku: malo amene mumalipira inu nokha koma mgwirizano ndi khonsolo umati akhale otsegukira aliyense. Benchi ikathyoledwa ndi munthu wodutsa, bilu imabwera kwa inu. Zimenezi n'zololedwa m'madera ambiri, koma muyenera kuzidziwa musanagule.

Ngati malowo ndi a mseri koma otsegukira onse, fufuzani maola ake ndi zoletsedwa. Dziwaninso kuti lonjezo lotsegula silidzisunga lokha. Mu 2017 ofesi yoona za kayendetsedwe ka chuma ya mzinda wa New York inayendera malo otere 333 n'kupeza kuti 182 sankatsatira zimene anagwirizana: kwina mipando inachotsedwa, kwina malesitilanti anatambasulira matebulo awo pamalo a anthu, kwina zikwangwani kunalibe. Polimbana ndi mavuto otere, New York ndi San Francisco amakakamiza eni malo kuika chikwangwani choonekera chosonyeza kuti malowo ndi otsegukira aliyense, ndipo London inakhazikitsa Public London Charter mu 2021 pofuna kuti malamulo a m'malo otere azidziwika poyera.

7. Kayendeni pamalopo, makamaka mvula itagwa

Pitani ndi pulani yodindidwa ija m'manja. Mukaima pamalo amene akuti ndi paki, yang'anani mmene nthaka yakhalira. Ngati yalowa pansi ngati beseni, m'mbali mwake motsetsereka, ndipo pakona ina pali paipi yaikulu ya simenti yotchingidwa ndi zitsulo, mwaima m'dziwe losungira madzi a mvula. M'chilimwe pamaoneka bwino ndipo pamamera udzu wosalala. Mvula ikagwa yambiri pamadzaza madzi masiku angapo, matope n'kutsala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziwe lotere ndi lofunika ndithu poteteza nyumba ku madzi osefukira, koma si bwalo la mpira, ndipo kulisamalira kumadya ndalama kuposa kutchetcha udzu. Makhonsolo ena salola kuti liwerengedwe ngati paki, ena amalola mbali yake.

Kwezaninso maso m'mwamba. Malo a pansi pa nthambo zikuluzikulu za magetsi, kapena a pamwamba pa mapaipi a gasi ndi madzi, amasiyidwa opanda nyumba chifukwa sangamangidwe, ndipo pa pulani amapakidwa utoto wobiriwira womwewo. Eni nthambozo ali ndi ufulu wolowamo, kudula mitengo ndi kukumba nthawi imene afuna.

Ngati gawo loyamba la nyumbazo muli kale anthu, chezani nawo. Afunseni ndalama imene analonjezedwa ndi imene akulipira tsopano.

8. Lembetsani zonse mu mgwirizano

Migwirizano yambiri yogulira nyumba imakhala ndi ndime yonena kuti zimene zalembedwamo ndizo zonse, ndipo zonena za wogulitsa kapena zithunzi za mu kabuku sizikuwerengedwa. Ndimeyi ndi imene imafafaniza malonjezo onse a pakamwa. Choncho tumizani mafunso anu pa imelo ndipo muumirire kuti akuyankheni molemba: malo a nambala yakuti adzakhala a ndani ntchito ikatha, adzaperekedwa liti, azidzalipira ndani, adzaloledwa kulowamo ndani, ndipo pali chiyani choletsa kuti asamangidwe.

Mayankhowo muwapereke kwa loya wanu, osati amene kampani yakusankhirani, ngakhale atanena kuti wawoyo ndi wachangu kapena wotsika mtengo. Mupempheni kuti aone ngati mayankhowo akugwirizana ndi pulani yodindidwa ndi chikalata cha umwini, ndipo ngati n'kotheka pulaniyo ilumikizidwe ku mgwirizano ngati mbali yake. Makampani akuluakulu nthawi zambiri amakana kusintha mgwirizano wawo. Akakana, mwadziwa kuti pakiyo sakuilonjeza, ndipo ndalama yowonjezera imene akufuna chifukwa cha nyumba yoyang'anizana nayo mungaikane kapena kuinenerera.

Sungani kabuku kotsatsira malonda kaja, ndipo jambulani chikwangwani cha pamalopo ndi tsamba lawo la pa intaneti pa tsiku limene mukusaina. Zinthu zimenezi zimasinthidwa mwakachetechete.

9. Ngati munagula kale

Masitepe 3, 4 ndi 5 mungawachitebe lero. Mukapeza kuti kampani sinachite zimene inalonjeza khonsolo, kadandauleni ku ofesi ya mapulani, chifukwa ndi imene ili ndi mphamvu yokakamiza kuti zimene zinali mu chilolezo zichitike, ndipo ngati pali ndalama ya chikole ndi imene ingaigwiritse ntchito. Mukapeza kuti munauzidwa zabodza pogula, nkhaniyo ndi ya malamulo oteteza ogula, ndipo apa ndi pamene kabuku ndi maimelo aja amagwira ntchito. Milandu yotere imakhala ndi nthawi yothera, choncho onanani ndi loya msanga.

Pitani pamodzi ndi anzanu oyandikana nawo nyumba, kalata imodzi yosainidwa ndi mabanja ambiri. Ndipo muzionetsetsa zidziwitso za khonsolo zokhudza pempho lililonse losintha ntchito ya malowo. Nthawi yopereka maganizo otsutsa imakhala yochepa, kawirikawiri masabata owerengeka, ndipo chidziwitsocho chingakhale kapepala kamodzi komatidwa pa mtengo wa magetsi pakona ya pakiyo. M'kalata yanu yotsutsa tchulani nambala ya puloti, nambala ya chilolezo choyambirira, ndi ndime yeniyeni imene inanena kuti malowo ndi paki.